Buku la Boma Limene Ndinatenga M'chikwama cha Tamala

Ana anga, miyendo yakana, ntchito ndinasiya, ndipo tsopano ndili pakhonde kuno ku Kandeu ndi kope ndi cholembera. Ndithokoza Mulungu amene anandisunga m'ntchito zonse osagonapo m'chitokosi ngakhale tsiku limodzi. Koma mutu uno sindikulemba mokondwa. Ndikulembera makamaka iwe Yosefe ndi iwe Lute, chifukwa munakula mukudziwa kuti achemwali anu a Tamala sukulu inawakanika chifukwa cha kusasamala. Werengani mpaka kumapeto.

Chaka chimene tinavota koyamba

Ntchito yanga yoyamba inali panyumba ina yogona alendo paboma pa Ntcheu. Tinabwera atsikana ambiri tsiku limenelo, koma mwini wake anangotenga nyuzipepala yakale nati aliyense awerengeko ndime imodzi. Anzanga anayang'ana pansi. Ine ndinawerenga. Sukulu ndinalekera Sitandade eyiti, koma eyiti ya nthawi imeneyo, ya aphunzitsi amene ankatiimbitsa mawu a Chingerezi ngati nyimbo ya kutchalitchi, kamtengo kali m'manja. Anandilemba kuti ndizikolopa, kuchapa zofunda, ndi kuyankha mzungu akasochera n'kufika pamenepo. Sopo ankatidulira tizidutswa tonga machesi, madzi akasiya kumpopi tinkakatunga kumjigo ndi ndowa pamutu alendo asanadzuke. Ndinakhalapo zaka zambiri mpaka nyumbayo inagulitsidwa. Kenaka ndinakagwira patiyirumu ina pa Nsipe, m'mbali mwa msewu waukulu, kuthira tiyi kwa oyendetsa mathiraki ndi amayi ogulitsa mbatatesi ndi kabichi. Ndi nthawi imeneyo bambo anu anakwera basi ya ku Joni nati abwera Khirisimasi. Sananene Khirisimasi yake iti. Ndinatsala nanu atatu, ndi manja awiri.

Chaka chimene Matchaina anatsegula sitolo

Mnzanga wa kumpingo ndiye anandinong'oneza kuti Mtchaina wina watsegula sitolo paboma ndipo akufuna munthu womva Chingerezi. Dzina lake tinkati a Fengi. Anali bambo wamfupi, wosuta fodya kwambiri, wogwira ntchito ngati alibe msana. M'sitolomo munali mabeseni, matochi, maloko, nsapato za pulasitiki, maambulera, chilichonse chimene chimawala lero n'kuthyoka mawa. Sanali munthu wankhanza, ndisamunamizire. Lute atadwala malungo ananditenga pagalimoto yake kupita nane kuchipatala. Koma mpando m'sitolomo unali umodzi, ndipo unali wake. Ife tinkaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, Loweruka lomwe. Mpunga wake ankaphika yekha kuseri, ndipo Chichewa chake chinali mawu khumi okha, onse olamula. Ndinasamuka nanu kuchoka ku Nsipe, tinapeza kanyumba ka chipinda chimodzi kuseri kwa msika, ndipo ndinagwada kuthokoza, chifukwa malipiro ankabwera pa tsiku lake.

Nthawi ya kusowa kwa mafuta

Mukukumbukira mizere ya magalimoto pamalo omwetsera mafuta, shuga akusowa, katundu wochokera ku Limbe akuchedwa masabata. Ndi m'masiku amenewo pamene mwana wa a Fengi anafika kuchokera kwawo, kumene ankaleredwa ndi agogo ake. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, woonda, wa magalasi a maso, dzina lake Lani. Bambo ake ankafuna akalowe sukulu ina yolipira ku Blantyre, koma pakhomo pa sukuluyo panali mayeso a Chingerezi. Tsiku lina anandiloza ndi ndudu yake.

"Iwe Ingilishi. Mwana phunzira. Tsiku tsiku."

"Bwana, ine si mphunzitsi. Ndinalekera eyiti."

"Eyiti bwino! Tsiku tsiku."

Ndi mmene ndinakhalira mphunzitsi. Chingerezi mwanayo anali nacho m'mutu, chambiri kuposa changa, koma chinali chotsekeredwa. Ankatha kulemba mawu aatali amene ine sindinawamvepo, koma kasitomala akati akufuna beseni, pakamwa pake pankauma. Anali ndi timapepala tambirimbiri tomanga ndi mphira, kuno mawu a Chingerezi, kuseri zilembo zakwawo zonga mapazi a nkhuku pamatope. M'mawa tisanatsegule ankayenda uku ndi uku kuseri kwa sitolo akuwerenga mokweza, mpaka alonda a sitolo zoyandikana anamupatsa dzina loti Wailesi. Ine ndinamuphunzitsa mmene ndinaphunzirira ndekha. Ndinkanyamula ndowa n'kufunsa, iye n'kuyankha, kenaka iye anyamule ambulera andifunse ine. Tinkaimba "go, went, gone" tikupukuta fumbi m'mashelefu, ine ndikuomba m'manja. Za dzulo ankazinena ngati za lero, ndipo bambo ake omwe ankawatchula ngati mkazi, ine n'kumuti, "Iwe Lani, bwana akamva kuti wawaveka chitenje atithamangitsa tonse." Akamvetsa ankaseka mpaka kuvula magalasi. Anayamba kunditchula Mama Ticha. Masana ankandibisira chakudya chakwawo m'kambale, ndipo ataona kuti mapazi anga akutupa anandikokera katoni kuseri kwa kauntala kuti ndizikhalapo bambo ake akachoka. Ndinamukonda mwana uja. Analibe mayi pafupi, analibe mnzake, anthu ankangomuloza ndi kumuyeserera kalankhulidwe. Ndinkati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chimene sindinkaona n'chakuti wanga weniweni ankandidikira. Tamala anali Sitandade eyiti chaka chimenecho. Masamu ankakhoza, koma Chingerezi chinkamukoka mwendo, ndipo aliyense amadziwa kuti wopanda Chingerezi chabwino sasankhidwa kupita ku sekondale. Ndikaweruka ankandichingamira ndi kope. "Amayi, tandifunsaniko mawu awa." Ine lilime litatopa ndi Chingerezi cha tsiku lonse ndinkati, "Iwe, ndaima kuyambira m'mawa. Kafunse anzako." Ankatseka kope mwaulemu n'kukakusambitsani inu.

Dzinja la mayeso a Tamala

Kusukulu kwawo mabuku anali ochepa. A hedi anagawa ana a eyiti m'magulu a asanu asanu, gulu lililonse buku limodzi la Chingerezi, ndipo ana ankasinthana kupita nalo kunyumba. Bukulo linali ndi chidindo cha sukulu, ndipo pachikuto panalembedwa kuti ndi katundu wa boma, wosagulitsa. Ana ankalikuta ndi pepala la simenti ndi kuliika m'jumbo ngati khanda. Amene lamugwera Lachisanu anali wamwayi, chifukwa ankakhala nalo mpaka Lolemba. Sabata ina mwezi wa mvula yambiri linagwera Tamala.

Masiku omwewo Lani anali atandidandaulira kuti timapepala take tamukwana, akufuna nkhani zenizeni zowerenga, zokhala ndi mafunso kumapeto ngati za pamayeso. Paboma panalibe pogula buku lotero. Loweruka m'mawa, Tamala ali kumjigo, ndinaona chikwama chake pamsomali. Ndinatulutsa bukulo n'kuliika m'chitenje. Ndinadziuza kuti ndi tsiku limodzi lokha, madzulo ndibwera nalo. Sindinamupemphe. Ndi mayi uti amapempha mwana wake?

Lani atalitsegula maso ake anawala. Tinawerenga nkhani ya mlimi wa mtedza, iye chala pamzere, ine ndikumukonza, ndipo mafunso onse anakhoza. Nthawi yotseka itakwana analikumbatira pachifuwa. "Mama Ticha, mawa. Chonde. Lolemba m'mawa." Bambo ake anali pomwepo akuyang'ana. Ife tinaleredwa kuti chinthu ukapatsa mlendo sumulanda m'manja, nanji mwana wa bwana, bwanayo akuona. Ndinavomera. Sindinaganize n'komwe zomuuza kuti asalembemo. Ndani amauza munthu zimenezo? Mwana aliyense kuno amadziwa kuyambira Sitandade wani kuti buku la boma sulikhudza ndi cholembera.

Nditafika kunyumba ndinapeza Tamala atakhuthula chikwama pansi, maso ali ofiira.

"Amayi, buku lija sindikuliona. Andipha."

"Usalire, ndinatenga ine. Ndabwereka Lani, abweza Lolemba."

"Koma ino ndi sabata yanga, amayi. Likandidutsa ndidikiranso mwezi."

"Iwe, chimene umadyacho chimachokera kuti? Tsiku limodzi lokha ukufuna kundiimba mlandu?"

Lolemba ndinalawira kusitolo, Lani anandipatsa bukulo atalikulunga bwino m'jumbo yatsopano, ndinathamanga nalo n'kumupeza Tamala panjira ya kusukulu. Sindinalitsegule. Iyenso sanalitsegule, belu linali litalira kale.

Dzuwa lili paliwombo ndinaona Tamala ataima pakhomo pa sitolo, yunifolomu itanyowa, kalata m'manja. Sanalowe. Ndinatuluka.

"A hedi akukufunani mawa. Buku lonse alembamo, amayi. Za Chitchaina. Ndi bolopeni."

Lani anatuluka atamva dzina la buku. Nditamufunsa anavomera mosangalala, ngati mwana woonetsa munda umene walima. Anati kwawo mwana aliyense ali ndi buku lake, ndipo pamwamba pa liwu lililonse lovuta amalembapo tanthauzo lake. Buku loyera ndi la mlesi, aphunzitsi amakalipa. Anagwira ntchito imeneyi Lamulungu lonse. Nditamufotokozera kuti bukulo ndi la ana asanu, ndi la chaka chamawa, ndi la chaka chinacho, nkhope yake inasintha. Anayang'ana Tamala nati, "Sorry, sister," ndipo anathamangira kwa bambo ake akulira, kuti apite yekha kusukuluko akapepese. Anakangana m'chilankhulo chawo. Kenaka a Fengi anandiitana.

"Buku, ine gula. Mawa."

"Silogulitsa, bwana. Ndi la boma. Lili ndi chidindo."

Atamva liwu loti boma anazimitsa ndudu. Masiku amenewo kunali kulankhula kwambiri kuti amalonda akunja achoke m'maboma ang'onoang'ono apite kumizinda, ndipo eni sitolo a konkuno ankangodikira chifukwa. Anandiyang'ana m'maso.

"Sukulu bwera pano, ayi. Komiti ayi. Polisi ayi. Mavuto bwera, iwe pita."

Lachiwiri lake, muofesi ya a hedi

A hedi anali bambo wachikulire, mkulu wa mpingo, munthu wosakondera. Tamala anali atagwada pafupi ndi kabati. Bukulo linali patebulo, lotsegula. Ana anga, ndinaliona ndi maso anga. Tizilembo takuda, tooneka bwino, tosanjikana pakati pa mizere ngati nyerere pashuga, tsamba ndi tsamba mpaka kupitirira pakati pa buku. Mwina kwawo akanamupatsa mphotho.

"Amake Tamala, khalani apo," anatero a hedi. "Mukugwira kwa Matchaina, tonse tikudziwa. Ine ndine mphunzitsi, si wapolisi, ndingofuna kumva chinthu chimodzi. Ngati mwanayu ndiye ananyamula buku kukaonetsa mnzake, ndi nkhani ya ana, tithana naye konkuno. Koma ngati munthu wamkulu ndiye anatenga katundu wa boma kupita naye kusitolo ya mlendo, nkhaniyo si yanganso. Ndiitana a komiti, ndilembera a mlangizi wa maphunziro, ndipo mwini sitoloyo abwere adzayankhe. Mwanayu ndamufunsa kuyambira dzulo, wangoti chete. Ndiye ndiuzeni inu."

Ndinapemphera mumtima, koma linali pemphero la munthu amene wasankha kale. Ndinaona iwe Yosefe ndi iwe Lute, ndinaona mwini nyumba, ndinaona ndikubwerera ku Kandeu ndi mtolo pamutu, anthu akuti uja wa Chingerezi uja wabwera. Ndinadziuza kuti mwana amulanga tsiku limodzi n'kuiwala, koma ntchito ikapita yapita. Ndinayang'ana pazenera n'kunena kuti, "Ana a masiku ano, a hedi. Ine ndimakhala kuntchito tsiku lonse, za m'chikwama mwake sindizidziwa."

Ndinamva Tamala akupuma. Kenaka anati, ndi mawu aang'ono koma omveka, "Ndine, aphunzitsi. Ndinabwereketsa ndine."

A hedi anandiyang'ana nthawi yaitali. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti anadziwa. Anatseka bukulo nati, "Chabwino mayi, pitani kuntchito kwanu."

Sichinali chilango cha tsiku limodzi. Anamuimika pa asembule bukulo litakwezedwa m'mwamba kuti sukulu yonse ione. Anakumba dzenje la zinyalala sabata yathunthu, anzake ali m'kalasi. Anamuchotsa pa mndandanda wa mabuku onse mpaka mayeso, osati la Chingerezi lokha. Anzake anayi aja anawagawa m'magulu ena kumene buku linkawafika mwa apo ndi apo, ndipo makolo awo anawaletsa kuyenda naye. Anyamata ankamukuwiza kuti Mtchaina, akukoka maso ndi zala. Inunso awiri munalitola dzinalo kusukulu n'kubwera nalo m'nyumba, ine ndikumva, osakuletsani. Ndinayesa kuti tsopano ndizimufunsa mawu madzulo. Anati, "Musavutike amayi, mwatopa." Ulemu wake sunachepe ngakhale pang'ono. Ndi umene unkandipweteka.

Lani anakopera ndi dzanja nkhani zina zimene ankazikumbukira, nandipatsa kuti ndikapatse Tamala. Ndinazipereka. Tamala anazilandira ndi manja awiri, ndipo mawa lake ndinazipeza atakutira nazo makope a iwe Lute.

Chilimwe cha chaka chomwecho

Zotsatira zinatuluka. Tamala anakhoza, koma pa mndandanda wa osankhidwa dzina lake panalibe. Awiri mwa anzake anayi aja analinso kunja, ndipo mayi wa mmodzi sanandipatsenso moni mpaka anamwalira. Lani anakhoza mayeso a ku Blantyre. Anabwera akuthamanga ndi kalata yake n'kundikumbatira pakati pa makasitomala, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinasangalala nayedi. Sipanathe miyezi iwiri, a Fengi anapakira katundu yense m'lole, lamulo lochotsa amalonda akunja linali litawapeza. Anandipatsa mabeseni atatu ndi ambulera, nandigwira chanza. Ntchito imene ndinagulitsira mwana wanga inatha chaka chisanathe.

Ndinamupempha Tamala kuti abwereze kalasi. Anati sangabwererenso pasukulu imene ija, ndipo ina inali kutali. Anapita kwa mng'ono wanga ku Bwanje kukathandiza kuingitsa mbalame mumpunga, akuti miyezi iwiri. Anakwatiwa komweko asanakwane zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ine ndinapeza ntchito yokolopa pakachipatala kena ka mpingo, ndipo ndi kumene ndinapumira. Za kumeneko ndi zabwino zambiri, anthu ake anali a Mulungu. Koma zaka zonsezo, ine ndi Tamala tinkakamba za mvula, za ana, za maliro. Za buku ayi.

Chaka chatha, ku Bwanje

Bambo amene ankayendetsa galimoto ya a Fengi anandifunafuna mpaka kundipeza, ali ndi kalata ya masamba awiri yochokera kwa Lani. Chingerezi chake chinali chitandipitirira kutali, ndipo maso anga salinso aja. Ndikanatha kupita nayo kwa abusa. Koma ndinakwera kabaza kutsikira kuchigwa, kutentha kukundiwotcha m'mapazi, ndipo ndinapeza Tamala akuanika mpunga palona, mwana wake wamng'ono ali kumbuyo. Anandilandira bwino, anandipatsa madzi ndi mpando. Ndinatulutsa kalatayo.

"Yachokera kwa Lani. Maso akundivuta."

Anapukuta manja pachitenje n'kuilandira. Anawerenga pang'onopang'ono, chala pamzere, akuima pa mawu aatali, ena n'kuwadumpha. Zimene anamva ankandiuza m'Chichewa. Lani anamaliza maphunziro apamwamba. Tsopano amaphunzitsa Chingerezi kwawo, ndipo ana ake a sukulu amawaimbitsa akuomba m'manja. Amawauza kuti mphunzitsi wake woyamba anali mayi wa ku Ntcheu wotupa mapazi. Kenaka Tamala anaima. Anawerenga mzere wotsatira kawiri chamumtima.

"Akufunsa kuti ine sukulu ndinafika nayo pati."

Anapinda kalatayo m'mapindo ake omwe n'kundibwezera.

"Mumuyankhe, amayi. Chingerezi mumachidziwa. Mwana wanu Lani anakhoza."

Ndinatsika pampando n'kukhala pansi, padothi lotentha. Ndinati, "Tamala mwana wanga, ndinakulakwira. Buku lija ndinatenga ndine, ndipo ndinakukana pamaso pa a hedi."

Anatenga thabwa lake n'kuyamba kutembenuza mpunga. Sanakweze mawu.

"Ndikudziwa, amayi, ndinalipo. Dzukani, anthu akuona. Ine mukundiuza chiyani chatsopano? Yosefe mpaka lero akamwa amanditi Mtchaina. Lute anauza mwana wake kuti asamale mabuku angakhale ngati amayi ake aakulu. Oti muwauze si ine."

Ndinagona komweko masiku awiri. Anandiphikira, anandipatsa thumba la mpunga, anandiperekeza mpaka pamsewu. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinamufunse, chifukwa si chinthu chopempha ngati mchere.

Ndiye ndakuuzani, Yosefe ndi Lute. Chakudya chimene munadya miyezi ija anakulipirirani ndi achemwali anu, atagwada pafupi ndi kabati ya a hedi. Lani sindinamuyankhebe. Mukamaliza kuwerenga, musabwere kwa ine kudzandipepesa mtima. Njira ya ku Bwanje mukuidziwa.